Mzere wa Matope pa Khoma Langa

Fakitale yathu ku Heavy Industrial Area itagulitsidwa, anatichotsa ntchito tonse. Kandalama kotsanzikira ndinamangira chipinda chachitatu kuseri kwa nyumba yanga ku Kanyama, pafupi ndi damu. Ndati damu, koma linali dzenje lalikulu lomwe anthu anakumbamo miyala, mvula n'kulidzaza. Chaka ndi chaka linkasefukira, kulowa m'zimbudzi, kenako m'zitsime, kenako m'mimba mwa ana.

Anthu a bungwe lina anabwera ndi chipepala choyera, ati tikonze dongosolo la m'mbali mwa damu: pomanga, potaya zinyalala, ndi posiyira madzi. Poti ndinafika kusekondale, anandisankha kukhala mlembi. Koma ine ndi kudikira sitinagwirizanepo.

"Tikumbe chabe ngalande! Vokambakamba ni va anthu okhuta," ndinatero, n'kumenya tebulo.

Apo anaimirira mayi wina wophwanya miyala m'mbali mwa msewu, zala zong'alukang'aluka, wosatha kulemba ngakhale dzina lake.

"Ba mlembi, ngalande yanu izapita kuti? Madzi mwawafunsa kumene achokera?"

"Amayi, ine ninapita kusukulu!"

"Ee, n'chifukwa chake tinakupatsani bolopeni. Fosholo sitinakupatseni."

Anthu anafa nacho chiseko. Ndinatuluka thukuta ndi ukali, komabe m'mawa mwake ndinawatsatira mayi aja, ndi mtima wofuna kuwagwira bodza.

Sindinawagwire. Anawaza gaga pamadzi odikha pabwalo la tchalitchi, gagayo sanasunthe. Madzi a Kanyama sayenda, anatero, amatumphuka pansi, m'ming'alu ya mwala. Iwo ankawaona akutuluka pokumba. Ngalande yanga ikanangowasamutsira kuchitsime cha anzathu. Ndiye tisanajambule kanthu papepala, tiyambe tadziwa pamene madzi amafika. Anatenga ndodo, nyumba ndi nyumba, kuyeza mzere wa matope umene chigumula chinasiya pamakoma. Pamene mwini anapakapo laimu kubisa, ankakanda ndi chikhadabo, akucheza naye za maliro ndi mitengo ya tomato mpaka iyenso aseke. Sanakalipire munthu. Ine ndikanamenyana ndi theka la komboni.

Tinagwirizana kuti nyumba iliyonse yomwe matope apitirira bondo ili m'malo a madzi, ndipo iyenera kugwetsedwa. Kanyumba koyamba kugwa m'mlanduwo kanali ka mayi omwe aja.

"Lembani," anatero, osaphethira n'komwe.

Sabata yachitatu tinafika kwanga. Ndinkadziwa kale. Anatsamiritsa ndodo pachipinda changa chatsopano: matope m'ntchafu.

"Awo ni ana, amaseweretsa matope," ndinanama, mawu ali pamwamba.

Anangoti, "Buku ili na imwe, ba mlembi. Ine siniwerenga. Mukalumpha, sinizaziwa."

Ndikanakonda akanandinyoza, chifukwa mkangano ndimautha. Koma ndinaima pamenepo, zaka zonse za m'fakitale zili m'khoma limenelo, mayi wosawerenga atandisiyira bolopeni. Ndinalemba, molimbitsa dzanja mpaka pepala linabooka.

Mvula itatha ndinasasula malata ndekha, ndikutukwana mpaka apabanja panga anathawira kwa aneba. Mabuloko abwino ndinaunjika kutsogolo. Osweka mayi aja anabwera kudzawatola ndi wilibala, nawapaka laimu, nawandandalika m'mbali mwa damu kuti akhale malire. Mzere woyamba wa dongosolo lathu sunajambulidwe papepala lija. Unali chipinda changa.