Nyimbo ya khadi la Chawanangwa

Ine NyaJere wa ku Champhira ndinalakwa, ndinalakwa ndi pakamwa pomwepa pamene ndimaimbira Mulungu.

Mwana wanga Chawanangwa ali ku Joni. Ananditumizira khadi la kubanki nati, "Amama, manambala awa musauze munthu." Poti kuwerenga kumandivuta, manambalawo ndinawapekera nyimbo, akutsogolo, akumbuyo, ndi achinsinsi omwe.

Tsiku limene mkazi wake anachira ku chipatala cha pa boma, ndinakwera minibasi ndikuvina. Mdzukulu wabadwa, ee, wabadwa! Tili m'njira ndinaimba foni ku resitihausi kuti andisungire chipinda. Bambo wa kumeneko anati, "Agogo, tchulani manambala a khadi." Mbwenu ine kukweza mawu, nyimbo yonse mpaka kumapeto. Ati sanamve bwino, ndinabwereza.

Potsika ndinamva kondakitala akuiimba, amayi awiri akuvomera. "Yewo chomene agogo, nyimbo yokoma!"

Mayo ine, chinsinsi chija chili pakamwa pa anthu! M'khadimo munali ndalama zonse zolerera khandalo. Ndinamuimbira foni Chawanangwa pomwepo.

"Ndapota mwana wanga, tseketsa khadi msangamsanga!"

"Chachitika n'chiyani, Amama?"

"Lagwera m'chimbudzi."

"Ndiye changu n'cha chiyani? Angalitsatire mmenemo ndani?"

"Tseketsa basi!"

Anatseketsa, ndalama zinapulumuka. Koma ine woyambitsa nyimbo kutchalitchi, ndikanyamule mdzukulu ndi bodza pakamwa? Ndisanalowe muwodi ndinazungulira kuseri kwa chipatala, khadi lija ndinaliponyadi m'chimbudzi.