Kalata ya Kavalo

Ndinanyamuka ku Lobi m'bandakucha, chaka cha chifuwa chija chimene chinabwera itangotha nkhondo ya Ajeremani. Mkazi wanga Nachisale ndinamusiya pamphasa akupuma ngati mvukuto. Dzulo lake ndinali nditagwada kwa abambo, wansembe wachizungu amene ndinkawanyamulira makalata, kuti alembere mnzawo, dokotala wa ku boma la Dedza, atipatse mankhwala. Anavomera, n'kundipatsa kalata imodzi. Ndinaipana pa kamtengo monga mwa masiku onse. Kuwerenga sindinkadziwa, komanso munthu wamkulu sumufunsa zimene walemba.

Njirayi inali yanga kale. Azungu awiriwa ankasewera bawo lawo lotchedwa tchesi, wina kuno wina uko, aliyense ndi thabwa lake. Mmodzi akasuntha kachidole, ankalemba kalata, ine n'kuyenda tsiku ndi theka kukamuuza mnzakeyo. Zidendene zanga zinang'ambikira tizidole, anthuni.

Dzuwa lili paliwombo ndinafika pa Linthipe, mtsinje utadzaza. Amuna awiri owolotsa anthu anafuna kobiri. Nditawauza za matenda, wina anayankha kuti matenda ali pakhomo lililonse, chosowa ndi kobiri. Ndinapereka. Kutsidyako chimanga chinali chitamira m'udzu, opalira ali gone. Maliro ndinakumana nawo atatu, opanda ndi nyimbo yomwe. Madzulo mayi wina anandiponyera mbatata ziwiri zootcha ali patali, kuopa chifuwa, nandilozera pansi pa nkhokwe kuti ndigone.

Ku boma ndinalowa m'mawa, phiri lili m'nkhungu. Dokotala anawerenga kalata, naimba mluzu, n'kulowa. Mwambo wa ntchito yathu unali wakuti wonyamula kalata sayankhula, imayankhula ndi kalata. Iwe umakhala pansi pa mtengo mpaka akuitane. Ndinakhala pansi pa mkuyu, mumtima ndikuti dokotala akusakaniza mankhwala. Ankapita kwa odwala, kubwera, kuima pakhonde n'kuyang'ana thabwa lija atagwira chibwano. Dzuwa linalowa. Ndinagona pakhonde la sitolo, kutacha n'kubwerera pamkuyu, chitsiru ine.

Masana a tsiku lachiwirilo kalaliki wa dokotala, a Kamwendo, anandipatsa chimanga chokazinga. Anali munthu wa nkhani. Anati tchesi si ya azungu n'komwe, inachokera kwa Amwenye kalekale, ndipo ndi nkhondo ya mafumu awiri ndi akavalo awo, tiasilikali n'kuikidwa kutsogolo. Anati bwana wapanikizidwa pa bawo lija, akufunafuna pothawira. Apo m'pamene ndinayamba kukayika. Ndinawapempha kuti akaione kalata ija. Anabwera nayo.

"Akuti kavalo wadya msilikali."

"Pitirizani."

"Yathera pomwepo, achimwene."

"Za mankhwala mulibe?"

"Mulibe."

Sindikumbuka mmene ndinakwerera khonde lija. Ndinalankhula chiimire, osagwada, a Kamwendo akumasulira. Dokotala anafiira nkhope, nafunsa chifukwa chimene sindinanenere dzulo. Anandipatsa botolo, ndipo ndikutuluka anandipatsanso yankho lopita kwa abambo, popeza pothawira anali atapapeza.

Pobwerera ndinathamanga mpaka m'chifuwa munatentha. Ndinangogona pang'ono pankhokwe yomwe ija. Pa Linthipe owolotsa aja anatsala mmodzi, ndipo sanafune kanthu. Dzuwa litapendeka ndinaona mapiri a kwathu, kenaka amuna anayi akutsika njira ya kumanda, makasu paphewa. Mlamu wanga anali kutsogolo. Atandiona anaika khasu pansi. Anati Nachisale anatsirizika tambala akulira, ndipo dzulo madzulo anafunsa kawiri ngati ndafika.

Abambo ndinawapeza atakhala patebulo, kalata ya mankhwala ili m'manja. Anailemba ndithu, koma inatsalira m'buku la mapemphero. Analira ngati mwana, akupepesa. Ndinaika botolo ndi yankho la dokotala patebulopo, n'kutuluka. Sindinawanyamulirenso kalata.

Anthu amanditonthoza kuti chaka chimenecho ngakhale omwa mankhwala ankafa. Mwina n'zoona. Abambo ndinawakhululukira kale, kuiwala n'kwa munthu aliyense. Amene ndalephera kumukhululukira ndi mwamuna amene anakhala pansi pa mkuyu tsiku ndi theka, mkazi wake akufa, pakamwa ali napo, kudikira pepala kuti limulankhulire.