Mawondo Anga ku Kachisi wa Abuda

Tsiku limene ndinkanyamuka ku Bwanje kupita ku Thailand kukaphunzira ulimi wa mpunga wothirira, amayi anandiperekeza mpaka pokwerera matola. Sanandilangize za mowa kapena za akazi. Lamulo lawo linali limodzi.

"Ndamva kumeneko amapembedza mafano. Mawondo akowa usakayerekeze kugwada nawo, wamva?"

Ndinalonjeza mokweza, kuti ndi a m'galimoto omwe adziwe kuti mwakwera Mkhristu. Nthawi imeneyo ndinali mlangizi wa zaulimi, ndinalinso woyambitsa nyimbo kutchalitchi, ndipo ndinkadzimva koopsa.

Kumeneko ndinkachita lendi kachipinda kwa mayi wina wokalamba, wamasiye, amene ana ake onse anali kumayiko akutali. Chizungu chawo chinali choduladula, changanso sichinali chonyadira, koma tinkamvana. Tsabola wa kumeneko atanditsegula m'mimba sabata yathunthu, anali mayiwo amene ankandiphikira phala ndi kundichapira zofunda. Za zofundazo tisalankhule zambiri.

Chaka chawo chatsopano chimabwera mu Epulo, dzuwa likuswa mtengo moti ngakhale ine wakuchigwa ndinagonja. M'mawa wa tsikulo mayiwo anavala nsalu yawo yabwino, n'kundisenzetsa dengu la chakudya cha amonke, ansembe awo ometa mpala aja. Ndinavomera chifukwa kunyamula dengu si tchimo.

Pakhomo la kachisi tinavula nsapato, chala changa chachikulu n'kusuzumira pa sokosi yobooka. M'katimo anthu onse anagwada pamaso pa fano lalikulu lonyezimira. Ine ndinangoti njo pakati pawo ngati pholo la magetsi, manja kumbuyo, nyimbo yakutchalitchi ikulira mumtima. Ndinkalakalaka wina andikakamize, ine ndikane, ndipeze chokasimba kumudzi. Palibe anandiyang'ana n'komwe. Bambo wina anangondikodola kuti ndisunthe pang'ono, ndinkamutchinga mphepo ya fani. Zinandiwawa zedi.

Mapemphero atatha tinatuluka panja, pamene okalamba anakhala pamzere pa mabenchi, manja atatambasula. Mwambo wake ndi wakuti ana ndi zidzukulu amabwera chogwada, n'kudonthezera timadzi tonunkhira m'manja mwa makolo awo, makolowo n'kuwadalitsa. Mayi anga a nyumba aja anakhala kumapeto kwa benchi. Anzawo onse manja anali chonyowa, mabanja atawazinga. Kwa iwo sikunabwere munthu. Ankangomwetulira uku akuyang'ana kugeti, chonsecho akudziwa kuti kulibe amene akubwera.

Ndinaima potero ndikudziweruza ndekha mlandu. Amayi anati ndisagwade, ndipo pano panali pabwalo la kachisi penipeni. Komanso kwathu kusambitsa akulu m'manja ndi ntchito ya atsikana, moti ine mwamuna wa setifiketi ndinali ndisanagwirepo beseni chibadwire. Koma manja ouma ajawo ndi omwe anachapa zofunda zanga. Manyazi anandigwira.

Tsono poti changu changa chimabwera nzeru zitatsalira, sindinaone timbale tating'ono timene anzanga ankagwiritsa ntchito. Ndinatola jagi yaikulu yotungira madzi m'ndowa, n'kukagwada pamaso pa mayiwo. Ndinathira monga timathirira kwathu chakudya chikafika, madzi osadukiza, ndikudikira kuti asambe. Iwo sanasambe. Ndinaika jagi pansi n'kuwaonetsa mmene amatikitira manja. Ndinafika mpaka pomwazamwaza maso kufunafuna sopo.

Nsalu yabwino ija inanyowa mpaka kumapazi. Bwalo lonse linafa ndi phwete, ngakhale mmonke wina anatembenukira kumbali mapewa akugwedezeka. Mayiwo anaseka mpaka misozi, koma kuseka kutatha misoziyo sinaleke. Anandigwira kumutu ndi manja onyowawo, n'kulankhula mawu ambirimbiri amene sindinamvepo ngakhale limodzi. Madzi ankatsikira m'kolala mwanga. Inenso ndinalira, ndipo si thukuta monga ndinkauzira anthu pambuyo pake.

Maphunziro atatha ndinabwerera ku Bwanje mtima uli m'mwamba, chifukwa ndinkadziwa funso limene linkandidikira. Amayi sanafunse za ndege kapena za mpunga. Tinangokhala pansi pakhonde, chakudya chili pafupi kubwera, iwo n'kuyamba.

"Unagwada?"

Bodza linali kale pamlomo, koma amayi amandidziwa.

"Kamodzi kokha, amayi."

"Unagwadira fano?"

"Ayi. Mayi wina wokalamba. Analibe womuthirira madzi m'manja."

Ine ndinangodikira ulaliki wa amayi. Mlongo wanga anatulukira ndi beseni ndi jagi, n'kugwada kuti awasambitse monga mwa masiku onse. Amayi anabweza manja awo.

"Iwe, mpatse mlongo wakoyu jagiyo. Mayi wa eni wamugwadira kunja. Ine amene ndinamubala ndikumudikirabe."

Ndinagwada pa dothi la pakhondepo n'kuyamba kuthira pang'onopang'ono. Ulendo uno sopo analipo, ndipo amayi anasamba mosafulumira, chala chimodzichimodzi, mpaka madzi onse anatha m'jagimo.