Tsiku Limene Amayi Anakana Buku

Amayi anga anaphunzira kuwerenga imvi zitayamba kale, ndipo chinawatuma ndi mkwiyo. Bambo atamwalira, abale awo anabwera ku Kawale kudzakhuza maliro. Analira ndithu, koma pobwerera kumudzi analira atasenza: makina osokera, wailesi, bedi, ngakhale kampando kamene amayi ankakhalira pophika. Panali pepala loti amayi asayine, iwo n'kudinda chala, osadziwa chimene akuvomera. Inki ija inachoka ndi sopo, koma manyazi ake anakhalira. Chaka chotsatira analembetsa sukulu ya kwacha imene inkachitikira kutchalitchi masana, ndipo ankapitako akusiya benchi yawo ya tomato ndi anyezi m'manja mwa mnzawo wa pamsika.

Anamaliza bwino. Potsanzikana, mphunzitsi wawo anawachenjeza kuti zilembo zili ngati nkhuku yogula kumene, ukapanda kuidyetsa imabwerera kwawo. Vuto linali loti kunyumba kunalibe choidyetsa. Baibulo linali la zilembo zing'onozing'ono, ndipo buku la nyimbo ankangolitsegula mwa mwambo, popeza nyimbo zonse anali kuzidziwa pamtima.

Ine nthawi imeneyo ndinali nditalemba mayeso a Fomu 4, ndikudikira zotsatira. Inali nthawi ija matipate atangoyamba kumene, aliyense akuyankhula zakukhosi m'minibasi. Pothawa ntchito zapakhomo ndinkakhalira ku laibulale. Chinali chipinda chimodzi chachikulu chonunkhira polishi ndi mapepala akale, matebulo onse atalandidwa ndi ana a sukulu. Woyang'anira anali mayi wina wa kumpoto, wamtali, wa magalasi omangirira chingwe m'khosi, Chichewa chake chikumveka Chitumbuka m'mbali. Achinyamata tonse tinkangowatchula kuti Anti.

Anti anali ndi kachitidwe kawo. Sankalola kuti ungoponya buku patebulo n'kukatenga lina. Ankaligwira kaye, n'kukuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Linali bwanji?"

Yankho lako ndilo linkawatuma ku shelefu. Ine tsiku lina ndinawauza kuti buku limene ndinabweza linali la anthu ongomwa tiyi, palibe wofa ngakhale mmodzi. Anaseka, n'kukanditengera la apolisi ofufuza milandu, ndipo sabata imeneyo nyemba ndinapsereza kawiri. Ndinkawakhulupirira Anti. Ndiye nditaona kuti amayi alibe chowerenga, ndinawakokera komweko.

Pakona panali kashelefu ka anthu ongophunzira kumene, timabuku topyapyala ta zilembo zikuluzikulu. Anti anasankha kamodzi ka kaphikidwe ka phala la mwana. Amayi anapinda maondo, n'kulandira ndi manja awiri. Kunyumba anakakulunga m'kansalu n'kukaika pamwamba pa sutikesi kuopa ana. Loweruka lotsatira tinabwerera.

"Amama, linali bwanji?" anafunsa Anti.

"Linali labwino kwambiri. Zikomo, mwatithandiza."

"Mwalikonda eti? Linzake lilipo."

Linzakelo linali la kusamba m'manja. Nalonso linali labwino kwambiri. Kenako kunabwera la kukumba chimbudzi chamakono, ife tikukhala nyumba ya lendi yoti ngakhale kukhoma msomali umayamba wapempha. Labwino kwambiri. Kunabwera la kusunga chimanga kuti chisafumbwe, ife ufa tikugula wa pambale. Labwinonso. Anti ankasangalala kuti apeza munthu wosavuta, ndipo ankawasungiratu timabuku tatsopano ta mtundu womwewo.

Muyenera kuwamvetsa amayi anga. Anakulira ku Dowa, kumene mlendo sanyoza ndiwo. Ngakhale zikhale zosalowa mchere, umadya, n'kunena kuti wakhuta, n'kuthokoza. Kwa iwo mabuku aja anali a Anti, ndipo Anti anali kuwabwereka mwa chifundo chawo. Kunena kuti buku n'losakoma kukanakhala kutukwana mwini nyumba. Koma ine ndinkaona zimene zinkachitika madzulo. Ankatsegula, chala n'kuyenda mizere ingapo, kenako kuyasamula, buku n'kubwerera m'kansalu.

Chimene chinandiopsa chinachitika kudepoti. Tinali kuchokera kokapikula anyezi, ndipo amayi anandigwira mkono n'kuloza chikwangwani cha pagalasi la minibasi.

"Iwe, ija yalembedwa kuti ikupita kuti?"

Inali ya ku Kawale. Mawu omwewo miyezi ingapo kumbuyoko ankawawerenga mokweza mpaka ine kuchita manyazi. Nkhuku ija inali itayamba ulendo wobwerera kwawo.

Madzulo ake, tikusankha tomato pakhonde, ananena okha.

"Loweruka tikabweze buku lawo lija, ndipo tisatengenso lina. Ndaona zimene zili m'mabuku. Malangizo okhaokha. Ine ndinalangizidwa kale ndili namwali, ndipo anamkungwi ake anali okhwima kuposa awa. Dzina langa ndimatha kulemba, basi zakwana."

"Bwanji osangowauza Anti kuti sakukusangalatsani?"

"Wapenga kodi? Munthu akukubwereka chinthu chake ulere, iwe n'kumati n'choipa? Ndinakulera choncho ine?"

M'kati ndinali kuwira. Mayi amene anakhala pansi ndi sileti ngati mwana wa Sitandade 1, akusekedwa ndi anzawo a pamsika, ataye zonsezo chifukwa cha ulemu? Ndinkadziwa kuti akasiya tsopano sadzayambiranso, ndipo tsiku lina wina adzabweranso ndi pepala ndi inki.

Loweruka linafika. Amayi anapinda maondo monga mwa nthawi zonse.

"Linali labwino kwambiri. Koma lero sititenga lina, maso akundivuta masiku ano."

Pakamwa panga pakhala pakundipalamulira chiyambire ndili mwana, ndipo tsiku limenelo sipanandidikire.

"Akunama, Anti! Maso awo ali bwinobwino, tomato wovunda amamuona ali kutali. Mabuku anuwa akuwatopetsa. Lililonse limangowagonetsa tulo!"

Laibulale yonse inati zii. Ana a sukulu anadzutsa mitu. Kunena mayi wako kuti akunama, pagulu, pamaso pa munthu wolemekezeka! Diso limene amayi anandiyang'ana nalo ndikulikumbukira mpaka lero. Komabe mutandibwezera tsikulo, ndinganenenso mawu omwewo.

Anti anavula magalasi, n'kuyamba kuseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba.

"Amama, kodi mabuku amenewa ndinalemba ine? Eni ake sindikuwadziwa n'komwe. Mukati buku n'loipa simunandinyoze ine. Koma mukati n'labwino, ine ndimakhulupirira, n'kukakutengerani mng'ono wake. Ndiye miyezi yonseyi ndakhala ndikukuzunzani ndi mtima woyera!"

Amayi anangoyang'ana pansi. Anti anawagwira dzanja n'kutuluka nawo pakhonde pamene panali benchi. Ine anandiuza kuti ndikhale m'kati ndipo pakamwa ndipapumitse. Ndinakakhala pafupi ndi zenera.

Za mabuku Anti sanafunsenso. Anayamba ndi mtengo wa tomato, kenako za mvula. Atatero anafunsa funso limene sindinaliyembekezere.

"Amama, mukakhala pampopi, ndi nkhani yanji imene mukamaimva mumaiwala kuti ndowa yadzadza?"



"Za anthu," anatero amayi motsitsa.

"Anthu otani?"

"Olakwirana. Uyu wamuchita mnzake chakuti, ndiye umafuna umve kuti zinatha bwanji."

"Basi, mwanena zonse."

Anti analowa, n'kudutsa kashelefu ka pakona kaja osakayang'ana, n'kupita pamene panali mabuku a nkhani a m'Chichewa. Sanali ambiri, ndipo ena anali omatidwamatidwa. Anasankhapo atatu n'kukawaika pamiyendo pa amayi.

"Awa ndi aakulu," anatero amayi mwamantha. "Zilembo zakenso n'zazing'ono."

"Palibe akukuthamangitsani. Mtedza pamsika mumagula musanalawe? Lawani tsamba loyamba lokha. Likakhala losakoma, lavulani."

Loyamba linali la mnyamata ndi mtsikana okondana kusukulu. Chala cha amayi chinayenda pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka. Chinafika pakati pa tsamba n'kuima. Anayang'ana Anti, n'kuyang'ananso buku, ngati munthu woti awoloke msewu.

"Izi ndiye zachibwana," anatero.

Anti anawomba m'manja. Ine kuseri kwa zenera ndinatsala pang'ono kululutira. Aka kanali koyamba kumva amayi anga akunyoza chinthu chopatsidwa.

Lachiwiri linali la alenje, ndipo silinachedwe. "Ayi, izi n'za abambo." Lachitatu linkayamba ndi maliro m'tauni. Bokosi lili m'nyumba, azimayi akulira, koma alamu a namfedwa maso ali pa mipando ndi pa kabati. Chala cha amayi chinafika pansi pa tsamba. Sanadzutse mutu. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kutembenuza. Anti anandiyang'ana pazenera paja n'kunditsinzinira diso.

Pobwerera amayi sanandiyankhule, ndipo mlandu wanga unatenga masiku. Koma buku silinalowenso m'kansalu. Linkapita nawo kumsika, likukhala pakati pa mulu wa tomato ndi wa anyezi. Amayi a mabenchi oyandikana, omwe aja ankawaseka, anayamba kufunsa kuti kodi mwalowa chiyani m'menemo. Amayi anayamba kuwawerengera mokweza, mogwagwaja, akubwereza mawu ovuta, ndipo palibe amene anadandaula za kuchedwa. Wogula akafika ankachita kuitana kawiri. Kunyumba mawu akawakanika ankaitana mwana wa eni nyumba, ine ndili pomwepo, pofuna kundionetsa kuti sanandikhululukire.

Tsiku lina masana ndikuchapa, mwana uja kulibe, ndinangomva kukuwa.

"Iwe! Tabwera msanga! Mawu awa akuti chiyani? Fulumira, anthuwa akufuna kuzula chitseko!"

Ndinathamanga manja ali thovu lokhalokha. Mawu ake anali "chilolezo". Ndinawawerengera, iwo n'kundikankha ndi chigongono kuti ndisawatchinge kuwala. Mlandu wanga unathera pomwepo, ndipo ndinabwerera kochapa ndikumwetulira ngati chitsiru.

Bukulo linawatengera nthawi, mpaka ndinapita kukawonjezeretsa masiku. Atamaliza sanadikire Loweruka. Anavala chitenje chawo chabwino pakati pa sabata n'kundiuza kuti tiye. Njira yonse ankayenda patsogolo, ine ndikuchita kuthamangira.

Titalowa, sanapinde maondo. Analiika bukulo patebulo kuti phwa, ana a sukulu n'kudzidzimuka.

"Amama, linali bwanji?" anafunsa Anti.

"Wolemba ameneyu ndi mwamuna, eti?"

"Mwina. Bwanji?"

"Mkazi uja amulanda zonse, mpaka chitseko. Wavutika, wagulitsa makala, wamanga nyumba yake. Ndiye alamu aja akubwera atasauka, iye n'kungowakhululukira tsamba limodzi? Osabweza ngakhale supuni? Zabodza zimenezo! Ine zinandichitikira, ndikudziwa. Kukhululuka kulipo, koma sikubwera msanga choncho."

"Ndiye linali loipa?"

"Kumapeto kokhako. Koyambirira konse ananena zoona." Anapuma pang'ono. "Pali lina? Koma loti mkazi wake asagonje msanga."

Sindikudziwa ngati Anti anasangalalapo choncho pantchito yawo. Anapita ku shelefu akuyenda ngati akuvina. Ine misozi inali italengeza, ndipo sindinaibise. Ndinali wonyada kuposa tsiku limene zotsatira zanga za mayeso zinatuluka.

Anti anabwera ndi buku lina n'kuwapatsira. Amayi analilandira ndi dzanja limodzi, ali chiimire. Anatsegula tsamba loyamba, chala n'kuyamba kuyenda, laibulale yonse ikudikira. Atafika pansi anatseka, n'kuwabwezera.

"Ili ayi," anatero. "Tabweretsani lina."