Ndulu Imene Sindinaione

Chingwe chinakoka mwamphamvu mpaka chinandisupula khungu la m'manja. Ndinali nditachikulunga kawiri pa mtengo wa mkuyu, koma mtengowo unkagwedezeka. M'bango munkamveka phokoso ngati ng'ombe ikugubuduka m'matope.

"Musasiye, achimwene!" anakuwa munthu uja. "Mukasiya, tonse tathera pompano."

Sindinasiye. Sikuti ndinalimba mtima ayi. Zala zinangoumira pachingwepo.

Munthuyo sindinkamudziwa. Tinakumana masiku anayi m'mbuyomo pamalo omwewo, pamene mtsinje umathira m'nyanja chakumwera kwa Chintheche. Ine ndinkayang'ana mapazi a ng'ona pamchenga. Iyenso ankayang'ana omwewo. Ng'onayo inali itagwira mkazi wanga mwendo pamene ankavuula chinangwa chimene anaviika. Anapulumuka, koma mwendowo anakaudula kuchipatala. Munthuyo inamudyera mng'ono wake, msodzi, akutsuka ukonde. Anthu anatola mkono wokha. Iye anachita kubwera pa boti kuchokera ku Usisya kudzaika mkonowo m'manda.

Ine kwathu ndi ku Thyolo. Ndinabwera kuno kudzacheka mitengo ya mphira pa esiteti. Za madzi sindizidziwa, ngakhale kusambira kumene. Iye anali Mtonga, wamtali, wa chipsera pachibwano, Chichewa chake chodukaduka. Dzina sanandifunse. Inenso sindinamufunse. Ndinkangomuti ada, monga amachitira kuno.

Tinali titakanena kwa akuluakulu kuti abwere ndi mfuti. Anati tidikire. Ng'onayo sinadikire, inatenganso mbuzi ziwiri. Ndiye ine ndinapinda chitsulo n'kupanga mbedza yaikulu, iye anabweretsa chingwe ndi galu wakufa. Tinatchera osauza munthu. M'mawa umenewo tinapeza yameza.

Tinalimbana nayo mpaka dzuwa linakwera. Ikakoka, ndinkalola pang'ono. Ikatopa, tonse awiri tinkakoka. Kenako mutu unatulukira m'bango. Sindinaonepo mutu wotero. Diso lake linandiyang'ana ineyo. Munthu uja anazungulira kumbuyo ndi nkhwangwa. Mchira unamukwapula, anagwa, anadzuka. Anatema pakhosi, kuseri kwa mutu. Anatemanso. Ndinasiya kuwerenga atafika kasanu ndi kawiri. Pomaliza inangoti zii, mchira wokha ukunjenjemera.

Tinakhala pansi, aliyense payekha. Panalibe wothokoza mnzake.

"Tsopano ndulu," anatero.

Ndulu ya ng'ona timaidziwa kwathu, kunonso amaidziwa. Kadontho kamodzi m'thobwa kapena m'mowa, munthu safika mawa. N'chifukwa chake ng'ona ikaphedwa, ndulu imachotsedwa anthu akuona, imamangidwa ku mwala anthu akuona, n'kukaponyedwa pakuya anthu akuona. Pasatsale wokayika. Koma ife tinapha mobisa. Mboni yake ndinali ine. Mboni yanga anali iye. Wina m'mudzimo akanafa ndi m'mimba mwezi umenewo, sakanafunsa za munthu wa ku Usisya amene anabwerera kwawo. Akanafunsa za wobwera wa pa esiteti.

Tinaigudubuza chagada. Anasolola mpeni n'kuyamba kung'amba. Ndinaima pafupi, maso pa manja ake. Ndinadziuza kuti sindiphethira. Anatsegula chifu. Munatuluka miyala, ubweya wa mbuzi, mbedza yanga ija. Kenako anatulutsa lamba wa thalauza, chitsulo chake chikadalipo. Anamugwira nthawi yaitali. Fungo linandilowa mpaka m'khosi. Ndinathamangira kuseri kwa mkuyu, ndinasanza mpaka m'mimba munauma.

Pobwerako ndinapeza kajumbo kakuda katamangidwa kale, mwala uli m'kati, chingwe chitazunguliridwa kangapo.

"Mwamanga kale, ada?"

"Mumafuna ndidikire mumalize kubereka kuseriko? Ntchentche zayamba."

"Sindinaone."

"Amene anakuthamangitsani ndani?"

Ndinayang'ana m'mimba mwa ng'onayo. Munali magazi ndi mafuta okhaokha. Pachiwindi panali podulidwa. Ndulu inalidi itachoka. Kumene inapita ndi kumene sindinkadziwa. Thumba lake la saka linali pamchenga, pakamwa pake popindidwa.

Anakoka bwato limene anabwereka kwa apongozi a malemu uja. "Kwerani."

"Sinditha kusambira."

"Ndiye tsalani. Ndikaponya ndekha. Mukawauza chiyani anthu?"

Ndinakwera. Bwato la kuno ndi mtengo wogoba, pakamwa pake pang'ono. Umakhala pamwamba, miyendo m'kati. Iye anakhala kumbuyo ndi nkhafi, ine kutsogolo, msana wanga uli kwa iye. Kajumbo anakaika pakati pathu. Madzi anali oyera poyamba, mchenga ukuoneka pansi. Kenako anabiriwira. Kenako anada. Mwera unali utayamba pang'ono, bwato linkapendama uku ndi uku. Ndinagwira m'mbali ndi manja osupuka aja. Ululu sindinaumve.

Gombe litatsala kutali, anasiya kupalasa.

"Achimwene."

"Ada."

"Otsuka ukonde tsiku lija analipo asanu. Inasiya anayi, inatenga mng'ono wanga. Ng'ona yam'tchire sisankha. Iyi inali ndi mwini wake."

Ndinayang'anabe kutsogolo, iye anapitiriza.

"Alipo wina analimbana naye chaka chatha, nkhani ya malo oyanikira usipa. Anamuuza kuti suona mvula ina. Munthuyo adakali kudya kondowole mpaka lero. Pamaliro anabwera, anaimba nawo nyimbo."

"Zimenezo n'za Mulungu," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana.

"Mulungu, eya." Analavulira m'madzi. "Enanso akuti ng'ona zotere zimabwera ndi anthu akumwera. Akuti kwanu kuli odziwa kuweta."

Ndinatembenuka pang'ono, bwato linapendama, ndinabwerera msanga.

"Mkazi wanga alibe mwendo, ada."

"Ndinamva. Sindinaone."

Madzi ankamenya m'mbali. Ndinaganiza za nkhafi ili m'manja mwake, ndi pamene ingafike pamutu panga. Ndinaganiza kuti palibe amene anatiwona tikukwera. Mkazi wanga ankadziwa kuti ndapita kukatema nsungwi.

Kenako ndinamva chinthu chikundigunda m'chiuno. Anali atakankha kajumbo ndi phazi.

"Ponyani ndinu. Kuti mawa mukalumbire kuti munaponya ndi dzanja lanu."

Ndinakanyamula. Mwala ndinaumva. Pambali pake panali chinthu chofewa. Mwina inali ndulu. Mwina chinali chidutswa cha chiwindi, kapena mafuta. Ndinafuna kumasula kuti ndione. Ndinayang'ana zikhatho zanga, nyama ili poyera. Ikanaphulika m'manja otero, sindikudziwa chikanachitika n'chiyani. Komanso kumasula kunali kumuuza kuti ndiwe wabodza, pakati pa nyanja, ine wosatha kusambira.

"Bwanji? Mukufuna kukasunga?"

Ndinaponya. Kanamira nthawi yomweyo. Panatsala tithovu tiwiri.

"Yewu," anathokoza m'Chitonga, n'kuyamba kupalasa.

Bwato litakhudza mchenga ndinatsika madzi akadali m'maondo. Ng'ona ija inali pomwe paja, ntchentche zili bii. Anati tiikokere m'bango anthu asanabwere. Tinaikoka. Inali ntchito yomaliza imene tinagwira pamodzi.

Dzuwa linali pamutu. Chiyambire m'bandakucha sindinalawe kanthu, ndipo zimene zinali m'mimba ndinali nditazitaya. Lilime linali ngati chikopa. Iye anakhala pansi pa mkuyu, anafunyulula thumba lake la saka, dzanja linakhalitsa m'katimo. Anatulutsa botolo la thobwa. Anakhutchumula, anatsegula, n'kundilozetsa.

"Imwani, achimwene. Mwagwira ntchito ya amuna lero."

Nkhope yake inali ya munthu wotopa basi. Maso ofiira, lamba wa mng'ono wake ali pabondo. Mwina ankangondipatsa thobwa. Mpaka lero ndimaganiza kuti mwina ankangondipatsa thobwa.

Koma kwathu wopereka chakumwa amayamba walawa yekha, mlendo akuona. Ndinadikira. Sanalawe. Dzanja linakhalabe lotambasula, botolo likuchita thovu pakamwa.

"Yambani ndinu, ada," ndinafuna kutero. Kunena choncho kunali kutchula chinthucho. Akanamwa, ndikanakhala nditatukwana munthu wolira m'bale wake. Akanakana, tikanatsala awiri m'bangomo, nkhwangwa ili pafupi ndi phazi lake.

"Mukuopa chiyani?" anafunsa, akumwetulira pang'ono.

Ndinawerama, ndinatola nsapato zanga za matayala. Sindinazivale. Ndinadutsa kutali ndi iye, ndinalowa kanjira ka m'minda ya chinangwa kopita kumsewu. Anandiitana kamodzi. Khosi linkandiyabwa kufuna kucheuka. Sindinacheuke, ndinangoyenda.