Misozi wavula inveta chitenje

Mwaswera bwanji nonse.

Pampu ya kudimba la gulu la amayi kuno ku Kakumbi yayambanso kutulutsa madzi, ndipo waikonza ndi Misozi wathu, amene ali pa holide kuchokera kusukulu ya zamagetsi.

Sabata yonseyi pampuyo imazima dzuwa likangofika pamutu. Repu ndi tomato zomwe amayiwa amagulitsa kumaloji a alendo zinayamba kufota. Lero m'mawa amayi ake anamutenga kuti akaone.

Atalowa m'kanyumba ka mabatire, anapeza inveta, kabokosi kamene kamatumiza magetsi ku pampu, itakutidwa ndi chitenje chatsopano, chomangidwa bwino ndi luzi. Amayi Banda, apampando a gululo, ndiwo anaikuta poopa fumbi, monga timachitira ndi wailesi.

Misozi sanaseke. Anagwada n'kuwauza Amayi Banda kuti, "Amayi, magetsi a m'batire amayenda njira imodzi, koma pampuyi imafuna opita uku ndi uku. Kabokosika kamawadula ndi kuwatembenuza mofulumira kwambiri, ndiye kamatentha. Kakasowa mpweya kamadzizimitsa kuti kasapse."

Anamasula luzi, n'kuchotsa chitenjecho, n'kupukuta timabowo ta mpweya. Masana onse, ndi kutentha kwathu kuno, madzi sanaduke. Ine bambo ake ndinangoima pamthunzi, aliyense wodutsa n'kumamuuza kuti uyo ndi mwana wanga, ngakhale amene anamuona akukwawa.

Amayi Banda apinda chitenje chija n'kumupatsa Misozi. Iye akuti achisunge m'sutikesi, ine ndikuti tisoketse diresi yoti adzavale tsiku lomaliza maphunziro. Inu mukuti bwanji?