Pampu Yakufa ya a Eneya

A Nickson Eneya a ku Malemia anabadwa omvera. Sukulu analekera sitandade 8 chifukwa bambo awo anati basi, iwo n'kuti chabwino. Anakwatira mai Bernadette, Mkatolika wa kutsidya kwa mtsinje wa Domasi, n'kuwakokera ku tchalitchi chawo cha makoma a njerwa zosapaka. Analima chimanga kumtunda, kampunga kudambo, matimati kudimba, n'kulera ana asanu. Koma mukanawafunsa kuti moyo wawo wonse achita chiyani, sakanatchula ana kapena mpunga. Akanakuuzani, akukonza tayi, kuti zaka 27 sanaphonyepo Mgonero.

Ndiwo ankadula buledi wa Mgonerowo. Loweruka masana, mapemphero okonzekera akatha, ankakhala m'kachipinda ka akulu a mpingo ndi mpeni wawowawo, n'kumadula timagawo tofanana ngati tayezedwa ndi rula. Ankadziwanso bwino amene adye ndi amene asadye. Pampingopo munthu akalakwa amadulidwa: kutchalitchi amabwera ndithu, koma amakhala pa benchi ya kumbuyo pafupi ndi khomo, mbale ya buledi n'kumudutsa. Ambiri amene anatenthetsapo benchi imeneyo anafikapo kudzera m'kamwa mwa a Eneya. Sankachita mwankhanza ayi. Ankanena munthu ku seshoni nkhope ili yachisoni, mwinanso n'kumupempherera kaye, zomwe zinkawawa kuposa kukalipira.

Mmodzi wa anthuwo anali a Mervis, mayi wamasiye wa kumunsi kwa mlatho. Amuna awo atamwalira anayamba kufulula masese kuti ana adye. A Eneya anamva fungo akudutsa pa njinga, sanatsike n'komwe, koma Lachitatu lake nkhani inali pamaso pa akulu. Pofika chaka cha nkhani ino, a Mervis anali atakhala pa benchi ija zaka ziwiri.

Chaka chimenecho mwana wawo woyamba, Tikondane, amene amagwira ntchito ku Joni, anawatumizira thiredo pampu, ija yopalasa ndi miyendo, yobiriwira, ndi mapaipi ake omwe. A Eneya anaikonda pampuyo mochititsa manyazi. Ankaipukuta ndi kansalu akamaliza kuthirira, n'kuigoneka m'chipinda momwe kale munkagona ana. Mai Bernadette ankati pakhomopo abwera mkazi wachiwiri, ndipo ndi amene amapakidwa mafuta.

Lamulungu lina mu Ogasiti abusa sanafike, njinga yawo yamoto inakanira pa Songani. Kulalikira kunagwera a Eneya. Anatsegula pamene pamakamba za mpingo woyamba, wa masiku a atumwi, muja okhulupirira ankagawana zonse osatchula kanthu kuti n'kanga, ndipo pakati pawo panalibe wosowa. Mawu anawakomera okha. Anayamba motsitsa, kenako thukuta, kenako chala m'mwamba.

"Abale, anthu ajatu sankafunsa kuti bwanji. Ankangomvera. Chisomo chimatsikira pa anthu omvera. Ifeyo lero khasu lenilenili timalilemba dzina pampini. Ine ndikunena pamaso panu kuti pakhomo pa Eneya palibe cha Eneya. Zonse n'za abale."

Amayi a chigwirizano anati amen wamphamvu, n'kuyang'anana. A Eneya anatsekera buku pamene mutu unathera, poti dzuwa linali litafika pamutu ndipo mimba zinali zitayamba kulira. Akanatembenuzako tsamba limodzi lokha, koma sanatembenuze.

Aa, anthu a ku Malemia kumvera amatha akafuna. Lolemba kunabwera wobwereka khasu. Lachiwiri wilibala inapita kukatuta njerwa n'kubwerako ikutsimphina. Mphika waukulu wa mai Bernadette unapita ku chinkhoswe osabwerako ndi chivundikiro. A Eneya ankamwetulira mano okhaokha, n'kumati ndi mmene zinalili kale. Lachinayi m'mawa kunamveka odi, ndipo pabwalo panagwada a Mervis.

"Abambo, ndamva mawu aja Lamulungu, ngakhale kumbuyo kuja samveka bwino. Mowa ndikufuna ndisiye. Ndawokera matimati kudimba kwa malemu, koma makeni andithyola msana. Ndimati pampu ija mutandibwerekako kawiri pa sabata."

A Eneya anawerengera mumtima. Khasu inde, wilibala chabwino, koma pampu? Ndiponso kwa munthu wodulidwa, woti mapazi ake opondera chimera akaponde pamene amaponda iwo?

"Mayi, mwachita bwino kubwera," anatero. "Koma yayamba kukhosomola. Mawa ndikuipititsa kwa mmisiri."

Pampuyo inalibe ngakhale chimfine. Komabe m'mawa mwake anaimanga pa njinga, n'kudutsa nayo pakati pa mudzi dzuwa likuswa mtengo kuti aliyense aone, mpaka pa Songani kwa a Faruku, okonza njinga ndi mapampu. Anawasankha dala. A Faruku ndi Msilamu, kutchalitchi safika, ndiye a Eneya anati nkhani ithera pomwepo. A Faruku anaipalasa kawiri, n'kuimvetsera.

"Achimwene, iyi ndi yamoyo kuposa ine. Ndikonze pati?"

"Musakonze paliponse. Ingosungani kuseriko mpaka anthu aiwale."

Atabwerera kumudzi anauza aliyense kuti pampu yafa, zida zake zikusowa, mwina zichokera ku Limbe. Anthu anawapepesa ngati pamaliro.

Chimene sanaganizire n'chakuti pampu yakufa sithirira, ngakhale munda wa mwini wake. Kukaitenga kunali kudziulula. Ndiye onani mkulu wa mpingo wa zaka 63, buluku atapinda m'maondo, makeni awiri m'manja, kutsika ndi kukwera gombe la Domasi m'dzuwa la Seputembala. Dimba analikulitsa podalira pampu, tsono makeni sanalikwanitse. Mizere ya kumtunda inayamba kufota, maluwa n'kumayoyoka. Mai Bernadette ankawapaka mafuta pamsana.

"Bambo a Tikondane, odwala aja ali bwanji ku Songani?"

"Sanapezebe zida."

"Pepani. Matenda ena ndi ovuta, amagwira mwini m'malo mwa chinthu."

Njira ya kumunsi kwa mlatho, kumene kuli madimba a a Mervis ndi amayi ena, a Eneya anasiyiratu kuiyenda. Ankaopa kukaona matimati a mayi wamasiye atauma chifukwa cha iwo. Ankazungulira kumsewu, mtunda wowirikiza, n'kumadziuza kuti miyendo imafuna kuongola. Pamsika ankaona amayi a kumunsiwo atayala matimati onenepa, n'kumati kaya ndi ochokera ku Jali. Mumtima zinkawawawa ndithu, koma ankati bodza lake n'laling'ono, ndipo Mulungu ali ndi zambiri zoyang'ana.

Mgonero unafika kumapeto kwa Okutobala. Loweruka abusa anabwera, njinga itachira, n'kunena kuti amva kuti a Eneya analalikira bwino za mpingo woyamba, choncho iwo angopitiriza pamene mkuluyo analekera. Anatembenuza tsamba lija. Munali mwamuna ndi mkazi wake, a mumpingo woyamba womwewo, amene anafuna kuoneka opereka zonse koma n'kubisako zina. Palibe anawakakamiza, anatero abusa, chinthucho chinali chawo, akanatha kungonena kuti sitikufuna. Koma ananama, ndipo anagwa pomwepo, mwamuna poyamba, mkazi pambuyo, n'kunyamulidwa.

A Eneya nkhaniyo ankaidziwa kuyambira ku Sande sukulu, koma anali asanaimvepo ili ndi mapaipi. Anacheukira kumbali ya amayi. Mai Bernadette anali kuyang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

Tsiku limenelo buledi anadulidwa mokhota. Timagawo tina tinali ngati chala chachikulu, tina ngati nyenyeswa. Ali yekha m'kachipindamo, a Eneya anayesa kudzitonthoza kuti masiku ano anthu sakugwanso m'tchalitchi, ndipo akanamagwa, theka la seshoni likanakhala kumanda. Koma sikugwa kumene ankaopa kwenikweni. Zaka 27 ankauza anthu kuti munthu wa bodza mumtima asatambasule dzanja pa mbale ija. Mawa akadya, adya chiweruzo chimene ankaopsezera anzawo. Akapanda kudya, mudzi wonse ufunsa chifukwa, ndipo chinthu chokhacho chimene ankanyadira pa moyo wawo chithera pomwepo.

Kunyumba anayesa kugawana mlanduwo.

"Mai a Tikondane, mwamva kuti mkazinso anagwa?"

"Uja anagwirizana ndi mwamuna wake. Ine munandifunsa?"

Lamulungu anavala jekete lawo lakuda, n'kulowa ndi akulu anzawo, n'kukhala kutsogolo. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inatha. Abusa atavundukula nsalu yoyera, n'kuitana akulu kuti atenge mbale, a Eneya anaimirira pamodzi ndi anzawo, koma miyendo sinapite kugome. Anatembenuka, n'kuyenda pakati pa mabenchi tchalitchi chonse chikuwayang'ana, nsapato zikulira pasimenti, mpaka kukhomo. Pa benchi ya odulidwa panali anthu anayi, atatu mwa iwo oikidwa pamenepo ndi a Eneya omwe. Palibe malo amene anatsala. A Mervis anakokera chitenje chawo n'kusendera.

Anakhala. Benchiyo inali ndi mwendo waufupi, ndipo zinali zoona kuti kumbuyoko mawu samveka bwino.

"Mayi," ananong'ona osawayang'ana, "pampu ija sinafe. Ndinakunamizani."

"Tikudziwa, abambo."

"Mukudziwa bwanji?"

"Ndinapita kwa a Faruku sabata yomweyo kukafunsa ngati zida zingapezeke, ndimati mwina tisonkherane tikuthandizeni. Iwo anati sanganame chifukwa cha pampu ya eni. Anatinso anamva kuti munalengeza m'tchalitchi kuti zanu zonse n'za abale, ndiye sakuona chifukwa chosungira katundu wa abale kuseri kwa shopu. Ili kumunsi kwathu. Tikuthirira mabanja asanu ndi awiri, ena a ku mzikiti. Mai Bernadette ndi amene anatigawira masiku."

A Eneya anayang'ana kutsogolo. Mpango wa akazi awo sunagwedezeke n'komwe. Miyezi iwiri yathunthu mpingo woyamba unali kuchitika kuseri kwa mabango, pamtunda woti munthu n'kumva kulira kwa pampu, pamene wolalikira wake ankazungulira kumsewu ndi msana wothyoka. Anafuna kukwiya, koma sanapeze poyambira. Manyazi okha ndi amene anawakwana.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Tsiku lanu liliponso, Lachisanu. Mai anati tisaperekeko munthu wina. Sabata iliyonse tsikulo pampu imangokhala pansi pa mtengo kudikira inu. Koma anati pamenepa aliyense amachita kupempha, ndiye tidikire mudzapemphe."

Mbale inali itafika mabenchi a kumapeto. Mkulu amene anaigwira anaima pang'ono pamene panali a Eneya, osadziwa chochita, kenako anadutsa monga mwa lamulo limene iwo omwe anamuphunzitsa. A Eneya anaona timagawo tawo tokhota tikupita. Zaka 27 zinathera pomwepo, pa benchi yopendekeka, ndipo anadabwa kuti akupumabe.

Chibadwire anali asanapemphepo munthu kanthu. Kumvera ankatha, kupereka ankatha anthu akamaona, koma kupempha ayi. Mpingo unayamba nyimbo yotsekera. Pansi pa nyimboyo, mkulu wodula buledi anawerama kwa mayi amene anamudulitsa.

"Mayi, mizere itatu ya kumunsi sinaumebe. Lachisanu likubwerali, mungandibwerekeko pampu?"

A Mervis anaganiza kaye, osafulumira.

"Mubwere m'mawa," anatero. "Koma mukaibweze yopukuta. Eni ake ndi ovuta."